Mapiritsi a Shuga Omwe Anagawana Awiri

Panali mayi wina, telala, amene ankadwala shuga. Amuna awo, okonza mafiriji, anapezeka ndi vuto la chiwindi: chinayamba kuuma ndi kuchita zipsera. Dokotala anawauza kuti asiye mowa, abwerenso pakatha miyezi itatu.

Tsiku lina mlamu wa mayiwo anawatumizira uthenga pafoni, woti ofufuza akuganiza kuti mankhwala ena a shuga mwina angateteze chiwindi. Mayi aja anawerenga ndi mtima, osati ndi maso. Anayamba kugawa mapiritsi awo: la m'mawa la bambo, lamadzulo lawo. Mayiwo ananamiza bambowo kuti kuchipatala amawapatsa ochuluka.

Mwana wawo woyamba ataona, anawachonderera kuti akafunse kaye dokotala. Mayi anamuyankha kuti wabadwa dzulo, za banja sazidziwa.

Bambo aja anasangalala. Ankauza anzawo kuntchito kuti chiwindi chawo chapeza mlonda, ndiye botolo limodzi silingalakwe. Tsiku lobwerera kuchipatala linadutsa ali pa mowa.

Mayi anayamba kumva ludzu losatha. Maso anachita chimbuuzi moti ulusi ankaulowetsa m'singano mongopapasa. Kachilonda ka kuphazi kanakana kupola, mpaka kuchipatala anawadula zala ziwiri. Sabata yomweyo bambo anagonekedwa mu wodi ina, mimba itatupa, maso ali achikasu.

Mayi ataulula, dokotala sanakalipe. Anafotokoza kuti mankhwala a shuga ndi amitundumitundu, ndipo palibe amene ankadziwa ngati awowo anali omwe uthengawo unkanena. Anati ofufuza akamati mwina, ndiye kuti sanamalize kufufuza.

Mawa lake bambo anapempha nesi kuti awakankhe panjinga ya odwala kukaona akazi awo.

"Mayi, bwanji simunandiuze kuti mukudzimana?"

"Ndikanakuuzani, mukanakana?"

Bambo anayang'ana phazi lomangidwa bandeji lija nthawi yaitali.

"Ayi. Ndikanamwabe," anatero motsitsa mawu.

Kuyambira tsiku limenelo sanalawenso mowa. Chiwindi sichinabwerere mwakale, koma akadali moyo, ndipo tsiku la kuchipatala likafika amatsogola ndi iwo, atanyamula makadi onse awiri.

Phunziro: Mankhwala ako ndi ako, ngakhale umkonde bwanji mnzako. Zomwe wawerenga pafoni ukafunse dokotala usanameze kapena kugawa. Tumizirani abale anu nkhaniyi, makamaka aja amtima wabwino mopitirira.