Woonera Mmodzi

Akwati anali asanalowe m'holo pamene a Maynard Ngozo anayamba kuikayikira laputopu ya wojambula.

Anali atafika dzana kuchokera ku Joni, patatha zaka makumi awiri ndi ziwiri, kudzakwatitsa mwana wawo Thokozani yemwe anamusiya akukwawa. Ntcheu anaipeza ili ndi mashopu a magalasi koma yopanda nkhope yodziwika. Wakabaza anawatchula kuti bigi. Mkazi wawo, a Janeti, anawagwadira, anawapatsa madzi osamba, osafunsa kanthu. Ulemu wotero amapatsidwa mlendo wodutsa.

Koma za makanema ankazidziwa. Ku Joni ankaulutsa mapemphero a tchalitchi china pa intaneti Lamulungu lililonse. N'chifukwa chake anakaima kumbuyo kwa Anwar, wojambula wa pamsika, manja ali m'thumba.

"Achimwene, mukuulutsira pa Fesibuku?"

"Ayi madala. Tabwereka seva yapadera, wopanda linki salowa. Anasankha okha mayi a mkwatibwi."

"A Janeti? Seva?"

"Ndinawafotokozera njira zonse. Anati yotseka."

A Maynard anaweramira pasikirini. Pulogalamu yopanikiza kanema inali itatsitsidwa mpaka pansi, chithunzi chofooka koma chosadukaduka, choyenera munthu wa foni yotchipa ndi bandulo yochepa. Pakona panalembedwa chiwerengero cha oonera: mmodzi.

Mmodzi! Ukwati wa ku Ntcheu, kumene kale ngakhale wopita kuchigayo ankatula thumba n'kuvina nawo? Abale a ku Blantyre, a ku Lilongwe, onse amanidwa. Fesibuku ndi yaulere. Mlimi wa mbatata wa ku Mlangeni akasiya chaulere n'kufuna chitseko chokhoma, ndiye kuti kuseri kwa chitsekocho kuli munthu. Munthu wake wakutali, wosatchulika, koma woti sangaphonye ukwati wa Thoko.

Anawayang'ana a Janeti. Anali atanenepa bwino, khungu losalala. Mbatata zokha sizisamala mkazi chonchi. Mkwatibwi atalowa, anamuyang'anitsitsa mphuno. Kwa Ngozo kulibe mphuno yotero. Ndiye iwo aitanidwiranji? Kudzakongoletsa mpando wa bambo ndi suti, mwini mwana akuseka pafoni?

Woyendetsa mwambo ataitana makolo a mkwatibwi, a Maynard anadikira kamera iwaloze. Anawagwira dzanja a Janeti, analikweza m'mwamba, ndipo anatenga maiki.

"Ine ndine Maynard Ngozo, mwamuna wa mayi awa. Ukwati woyera, wa kutchalitchi, sunathe ndipo sudzatha. Mwana uyu ndi wanga. Amene akuonera kutaliko amve bwinobwino, ndipo andione nkhope."

Nthungululu zinadzaza holo. Amayi a chigwirizano anapukuta misozi. A Janeti anangoyang'ana pansi, ndipo kwa a Maynard kuyang'ana pansiko kunali kuvomera mlandu.

Nyimbo zitayamba, anabwerera kwa Anwar.

"Ndipatseni nambala ya amene akuonerayo."

"Madala, ndi za makasitomala izi."

"Mwandimva pamaiki paja. Ndine mwini ukwati."

Anwar anakanda mutu, kenako anaseka.

"Ndiye nanenso ndadabwa! Ine ndimayesa ndinu amalume. Mayi anandipatsa nambala mwezi watha. Anati bambo a Thoko alonjeza kubwera, koma akhala akulonjeza chaka ndi chaka. Anati, apangireni yawoyawo, aonere okha mwana wawo, pasakhale owanyoza m'makomenti. Linki ndatumiza lero m'mawa. Zoti mwafika sanandiuze. Kodi mwamusiyira ndani foni? Sanachokepo chiyambire."

Anawaonetsa nambalayo. Inali ya ku Joni. Inali yawo.

Foniyo a Maynard anaisiya m'kabati ku Germiston, ku Joni komweko, m'nyumba ya mkazi wawo wina amene anabereka naye ana atatu. Mkaziyo anamunamiza kuti a Janeti anamwalira kalekale, ndipo ndi yemwe anawasitira suti yoti akavale potsegulira chiliza cha a Janetiwo.