Mzere Umodzi

"Ababa, lankhulani, ndikumva," anatero mlembi wa pa ofesi. Koma nkhope ya bambo ake odwala inali itauma pasikirini ya kompyuta imene ankalankhulirana.

Wokonza makompyuta anathamangira kuchipinda cha mawaya. Pa swichi, bokosi logawa mauthenga, anaona zimene anachita m'mawa pofuna kufulumira: mizere yonse imene mauthenga amadikirira makomo otulukira anaiphatikiza kukhala umodzi. Kutsogolo kunali fayilo yaikulu, ikudikira khomo lodzaza. Mawu a odwalawo anali kumbuyo kwake, khomo lawo lili chitsegukire.

Anagawanso mizere, khomo lililonse ndi mzere wakewake. Zonse zinayenda.

Atabwerera, pasikirini panali mlongo wa mlembiyo, akufunditsa bambo aja nsalu kumaso.

"Achimwene, bambo anga amanena kanthu," anatero mlembiyo kwa wokonza makompyutayo. "Mungawapezenso mawuwo?"

Malo odikirira akadzaza, swichi imataya zotsalazo, ndipo sizipezekanso. Wokonzayo anangoyang'ana pansi.