A Yobe Atsegula Batire

Chikwanje chitalowa kachitatu, batire la sola linang'ambika pakati, pomwepo pansi pa chigafa cha fodya. Kuyambira chaka chomwe anawagulitsa mchenga m'thumba la feteleza wa makuponi, a Yobe sankakhulupiriranso chinthu chotseka.

Batirelo anatumiza ndi mwana wawo Lusekelo, ati muli tinthu totchedwa nano, tosaoneka ndi maso, tosunga magetsi ochuluka.

Anasuzumira, natokosa ndi kamtengo, mpaka kuvala magalasi awo owerengera Baibulo.

"Mwatipeza?" anafunsa akazi awo, a Fainess, manja ali m'chiuno.

"Ngakhale kamodzi sikakuoneka," anayankha a Yobe, nkhope ili ngwee. "Ndiye kuti mwana sanamupusitse. Batire ili ndi lenileni!"

A Fainess anangolunjika kudzala, kukatola nyali ya koloboyi yomwe anataya dzulo lake batire litafika.