Nyimbo ya Mtchona pa Chonde

Jailos anali pakati pa nyimbo pamene anaona munthu wa bokosi lakuda. Linali tsiku la msika pa Chonde, chaka cha 1973, ndipo sabata yonse kunkamveka kuti a wailesi akuyendayenda m'Mulanje kujambula oimba. Jailos anali atatopa nako kuthyola tiyi. Pa dziko lonse lapansi ankafuna chinthu chimodzi basi: kumveka pa wailesi.

Mlendoyo anavala suti, chipewa ndi magalasi akuda. Bokosi lake analifungatira ngati mwana wodwala. Jailos sanafunikire kuuzidwa. Anakonza kolala wa jekete lake lachikopa, nakunga mawaya a banjo mpaka kutsala pang'ono kuduka.

Anayamba ndi kanyimbo ka chipani, poti munthu sudziwa amene akumvetsera. Kenaka anatulutsa yeniyeni, ya mtchona. Anaimba za Joni: nyumba zosanjikizana, magetsi osazima, akazi a milomo yofiira, ndi chitsiru china chimene chinapita ku migodi ndi kampani ya Wenela, nkumangotumiza katundu kwa mkazi zaka khumi osabwerako. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma mwini nyimboyo ku Joni anali asanapondeko, ankangomva. Ulendo wake wautali unali wa ku Limbe, ndipo anasanza m'basi.

Mlendo anapempha kuti aibwereze. Jailos anaibwereza katatu, thukuta kamukamu. Pamenepo mlendoyo anafunsa mwaulemu ngati nkhaniyo inali yoona kapena yongopeka.

Jailos anali atamva kuti a wailesi amakonda zoona, choncho anakhuthula zonse. Chitsirucho dzina lake Filipo, wa ku Milonde. Iye sanachionepo, koma mkazi wake, Esteri, ankamudziwa bwino lomwe.

"Nyumba yake ya malata ndikugonamo ndine, bwana," anatero akudziguguda pachifuwa. "Jekete ili anatumiza yekha. Landikwana ndendende, ngati anachita kundiyeza."

Mlendo anagwedeza mutu, naika bokosi pansi mosamala. Jailos anatsokomola kukonza mawu, nawerama pafupi, nafunsa kuti aimbire mbali iti kuti makina amve bwino.

Chivindikiro chitatseguka, m'katimo munali makina osokera.

"Ndi a Esteri awa," anatero mlendoyo akuvula magalasi. "Senzani, achimwene, njira ya kunyumba kwanga mukuidziwa kuposa ine. Koma muyambe mwavula jeketelo."