Dzina la Tiwo pa Fomu ya Maliro

Ndinabwerera ku kafe ya intaneti ya ba Hosea ku Matero kutada, mwana wanga Tiwo ali kumsana. Fomu ya pa intaneti imene ndinkapangira bungwe la maliro inkafunika m'mawa, koma inali ndi vuto: dzina likakhala ndi mpata pakati, adilesi ya tsamba inkaduka.

"Mpata uliwonse uusandutse %20," anatero ba Hosea, abwana anga. "Ukasiliza uyese na dzina iliyonse. Ine nili panja, nikoka fodya."

Ndinakonza khodi, malangizo a pakompyuta oyendetsa fomuyo. Poyesa, zala zinalemba dzina limene zinazolowera. Amayi akanandimenya dzanja, chifukwa wamoyo salembedwa pa fomu ya maliro, ngakhale mongoseweretsa.

Adilesi inatuluka yathunthu: dzina=Tiwo%20Mbewe. Mtima unakhala pansi.

Kenako adilesiyo inayamba kutalika yokha, manja anga ali pamiyendo: &tsiku=Lachinayi%20masana. Bokosi la tsiku la maliro ndinali ndisanaliike pafomupo. Koma mpatawo unali utasandutsidwa bwinobwino, monga ba Hosea anandiuzira. Ndipo usiku umenewu unali wa Lachitatu.

Ndinafufuta, mawuwo anabwerera. Ndinazula chingwe cha magetsi pakhoma, koma zilembo zinkawalabe.

"Ba Hosea! Bwerani muone vinthu ivi!"

Panja panalibe woyankha, ngakhale fungo la fodya.

Ndinagwedeza msana kuti Tiwo alire. Mwana ameneyu amadzuka ngakhale supuni ikagwa, koma sanasunthe. Ndinagwira mfundo ya chitenje pachifuwa panga, ndipo ndinaopa kuimasula.