Maola Khumi ndi Awiri

"Kuno n'kutali, mwanangu. Mwina chaka chamawa," anatero amayi pouza mwana wawo wamkazi pa foni ya vidiyo, akuyasamula, akadali mu yunifolomu ya unesi.

Mtsikanayo sanauzepo munthu kuti anafufuza pa kompyuta ya kusukulu kutalika kwa ulendowo. Yankho lake anangolisunga mumtima. Koma tsiku limenelo analephera kulibisa.

"Amayi," anatero maso ali pansi, "ndege imangouluka maola khumi ndi awiri. Inu mwatha zaka zisanu."

Atadzutsa mutu, anapeza nkhope ya amayi ake itauma pafoni, kukamwa kuli yasa. Kenako chithunzi chinayambanso kuyenda.

"Netiweki imeneyi! Umati chiyani, mwanangu?"

"Ndimati mukapume, amayi. Mwatopa."