Nsanza Zofiira Kutsidya kwa Khwawa

Moni, okondedwa awerengi. Tiyamike Ambuye amene atisunga kufikira lero, pakuti si nzeru zathu ayi, ndi chisomo chokha.

Deborah ankazunguliza tepi yoyezera pa thunthu la muwanga pamene mnzake Aroni adaona nsanza yofiira itamangidwa panthambi.

Awiriwa adali ophunzira za sayansi ya zamoyo ku yunivesite. Mphunzitsi wawo, Dokotala Nedson Kamwendo, ankadana ndi zoti ana azingoloweza za m'mabuku. Adatengera kalasi yonse kwawo, kumapiri a ku Ntchisi, kuti akawerenge mitengo yachilengedwe imene idapulumuka nkhwangwa za alimi a fodya. Zopeza zawo zinkalowa m'kafukufuku weniweni, ndipo mayeso awo adali omwewo. M'mawa adawatsitsa awiriawiri mumsewu wa ku Kasakula, nawalangiza kuti asawoloke khwawa. Chifukwa chake sadanene. Iye adapita kukaona abale.

Phiri limene Deborah ndi Aroni adapatsidwa lidali mbee, zitsa zokhazokha. Kutsidya kwa khwawa kudali kamsitu kowirira. Adawoloka.

"Taona, gulu la mnzathu Roza latitsogolera," adatero Aroni akuloza nsanza ija. "Aika kale malire. Tiye tiwapeze, angatithere mitengo yonse."

M'kalasi adaphunzira kumanga nsalu zofiira m'malire a malo oyeza. Deborah adakulira ku Chilomoni, Aroni ku Karonga. Sankadziwa kuti kuno msitu wotsala ndi manda, ndipo nsanza yofiira imachenjeza kuti agule ali mkati, wosalowa asayandikire.

Adatulukira pamalo olambula. Amuna adali khale pansi, ena atadzipaka matope thupi lonse, zovala za nthenga zili m'manja, nkhope zili poyera.

Chibonga chidamupeza Aroni pakamwa. Adagwa chagada, nalavula dzino pamodzi ndi magazi. Wina adamukoka Deborah tsitsi mpaka mawondo adakhula pansi. Mbama idamutseka khutu. Adapapasa foni kuti aimbire Dokotala Kamwendo, munthu yekhayo amene akadawalankhulira kuno, koma chidendene chidaiphwanyira m'dzanja lake lomwelo, zala n'kuthetheka.

"Pepani bambo, ndife ana asukulu," adalira. "Timangoyeza mitengo."

"Mwayeza mitengo, ife tiyeza inuyo," adatero mnyamata wina wonunkha kachasu. "Bango lili apo, makasu ali apo. Simutivutitsa n'kunyamula, mwabwera nokha kumanda."

Mkulu wina waimvi adayesa kuwaletsa. "Ana inu, tayambani mwafunsa kwawo." Palibe adamumva. Ankamuponda Aroni m'nthiti mosinthana, mpaka adaleka kubuula.

"Wamwamunayu timulowetsa, akhale mnzathu," adatero wina. "Zake zatha. Nanga mkaziyu? Waona zonse."

"Ameneyu asabwerere," adayankha wa kachasu uja.

Deborah adali wa kwaya. Adafuna kupemphera, koma mawu onse adamuthawa, kudangotsala dzina la Yesu, ndipo adaligwiritsa ngati mwana wogwira chitenje cha amake.

Pamenepo tchire lidathyoka. Chidatulukira chilombo chachitali, chamatope ofiira, kumutu nthenga zokhazokha, chikwanje kudzanja ili, chikoti kudzanja linalo. Chidalira ndi kamawu kopyapyala, amuna aja n'kupatuka. Chikoti chidatera pamsana pa Deborah, bulauzi n'kung'ambika. Chidateranso. Chidamumenya Aroni m'miyendo mpaka adadzuka. Kenaka chilombocho chidawamanga manja ndi luzi, chidadziguguda pachifuwa, nichiloza kuphompho ndi chikwanje.

"Chawatenga chokha," adaseka wa kachasu uja. "Musachitsate, chingakutemereni kumodzi."

Chidawakwekwereza m'minga, pakati pa mitumbira, chikuwakwapula anthu akuona. Phokoso la amuna aja lidayamba kuzilala kumbuyo. Deborah adaganiza za amayi ake, amene ankauza mpingo wonse kuti mwana wawo ali ku yunivesite. Adzamva bwanji? Mwina sadzamva n'komwe. Adapempha Mulungu kuti amukhululukire machimo ake, ndi kuti chikwanjecho chikhale chakuthwa, zisatenge nthawi.

Pamphepete pa phompho chilombo chidawagwadiza. Pansi pake madzi ankawomba miyala. Magazi ankayenderera pachibwano pa Aroni. Chikwanje chidakwera m'mwamba, dzuwa n'kung'anima pampeni wake. Deborah adatsinzina.

Chidatsika kamodzi. Luzi lidaduka, manja a onse awiri n'kumasuka.

"Tsatani khwawali, mukatulukira pamsewu. Minibasi ya sukulu ikakupezani pamlatho, ikupititseni kuchipatala," chidanong'ona chilombo, ndi mawu amene Deborah ankawamva m'kalasi sabata ndi sabata. "Ndidati musawoloke. Thamangani, ndipo lipoti lanu ndikulifunabe Lolemba."

Mulungu amene amabisa mpulumutsi pamene sitikuyembekezera akuyang'anireni polowa ndi potuluka, awerengi anga, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.